Kodi Vuto Lili pa Munda Kapena pa Mbewu?

Aliyense wokhala mu Area 25 akudziwa kuti chipatala chathu chidatchuka ndi uchembere. Amayi amachokera ku Mgona, ku Kanengo, ku Dzenza ndi ku midzi yozungulira kudzachirira pamenepa, ena nkumagonera ku nyumba yodikirira masiku awo asanakwane, ndipo chaka ndi chaka pamabadwa ana zikwi zingapo. Zimenezi nzokondweretsa. Koma m'misewu yomweyi muli nyumba zina m'mene zaka zikupita, zitatu, zisanu, khumi, osamvekamo kulira kwa khanda. Nkhani yathu ya mwezi uno ndi ya nyumba zimenezo, makamaka ya munthu amene kawirikawiri safunsidwa kanthu pa mlanduwu, ndiye bambo wa m'nyumbamo.

Tonse tikudziwa m'mene zimayendera. Chaka choyamba anthu amangoyang'ana. Chaka chachiwiri alamu ndi apongozi amayamba kufunsa ngati kunyumbako kuli bwino. Pofika chaka chachitatu mkazi uja wapatsidwa kale dzina loti chumba, wamva kale mau achipongwe oti akungodzaza chimbudzi, wamwa mizu yowawa ya mitundumitundu, wapita kokasulidwa, ndipo ndalama za m'nyumba zathera kwa asing'anga. Mwamuna sadakhudzidwe ndi munthu. Chodabwitsa nchakuti ife ndife mtundu wa alimi. Mlimi akaona kuti chimanga sichidamere, sayamba watukwana nthaka. Amafukula phando, nayang'ana ngati mbewu ija idali yamoyo. Pa nkhani ya m'banja nzeru imeneyi timaiiwala.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization lidalengeza m'chaka cha 2023 kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu 6 alionse amakumana ndi vuto la kusabereka pa nthawi ina ya moyo wake, ndipo pa nkhaniyi maiko olemera ndi osauka sasiyana kwenikweni. Achipatala amati banja lili ndi vutoli ngati mwamuna ndi mkazi akhala malo amodzi mwachizolowezi kwa miyezi 12, osagwiritsa ntchito njira yolera, koma pathupi osaoneka. Tsono mfundo imene abambo ambiri safuna kuimva ndi iyi: pa mabanja otere, pafupifupi theka lake vuto limakhudza mwamuna, kaya iye yekha kapena pamodzi ndi mkazi wake.

Mphamvu ndi mbewu nzosiyana

Owerenga athu atikhululukire, pakuti titchula ziwalo zina ndi maina ake monga achitira ku chipatala. Chimene chimasokoneza amuna ambiri ndi chakuti m'chilankhulo chathu mau oti gojo, kapena oti uje adagwa m'papaya, timawagwiritsa ntchito pa zinthu ziwiri zosiyana: kulephera ntchito ya m'banja ndi kulephera kupereka pathupi. Motero mwamuna amene mphamvu ali nazo amalumbira kuti vuto silingakhale lake. Koma madzi aja otchedwa umuna, mbali yake yaikulu imapangidwa ndi ziwalo zina za m'kati, pafupi ndi chikhodzodzo. Timbewu tenitenito timapangidwa m'machende, ndipo ntating'ono kwambiri kotero kuti sitioneka popanda makina a ku labotale. Bambo amene adatseketsa kubereka ku chipatala amakhala ndi mkazi wake monga kale, umuna nkumatuluka monga kale, koma mbewu mulibe. Chimodzimodzi pali amuna amene adabadwa otero. Pa amuna 100 alionse, pafupifupi mmodzi alibe kambewu nkamodzi komwe mu umuna wake, ngakhale ali wojintcha, wosenza mabelo a fodya ku Kanengo tsiku lonse.

Zifukwa zina nzodziwika kale ndipo sitichedwapo. Chinzonono ndi matenda ena opatsirana pogonana amatseka njira ya mbewu akapanda kuchizidwa msanga. Matsagwidi akamugwira mnyamata atatha kale msinkhu angathe kutupitsa machende ndi kuwaononga. Likodzo, chifuwa chachikulu, kutupa kwa mitsempha ya m'machende, kuvulala, fodya ndi kachasu, zonsezi zili ndi mbali yake. Koma pali gulu lina la amuna amene sadadwalepo chilichonse cha zimenezi, amene adadzisunga bwino lomwe mpaka tsiku la ukwati. Kwa iwowa vuto lidalembedwa m'thupi tsiku lomwe mayi awo adatenga pathupi pawo.

Thupi la munthu lidamangidwa ndi tizipinda tating'onoting'ono totchedwa maselo, monga nyumba imangidwa ndi njerwa. M'kati mwa pafupifupi selo lililonse muli timaulusi 46 totchedwa makromosomu, 23 tochokera kwa mayi ndi 23 tochokera kwa bambo. Mabuku akale ankati timaulusiti tilipo 48, mpaka m'chaka cha 1956 pamene Joe Hin Tjio ndi Albert Levan, pogwira ntchito ku Lund m'dziko la Sweden, adawerenga bwino napeza 46. Pa timaulusi timeneti pali malangizo a kapangidwe ka munthu, msinkhu wake, khungu lake, magazi ake, ndipo malangizowo amatchedwa majini. Wina asadzidzimuke: dzinali langofanana ndi la mizimu ija imene anthu amati imagwira munthu, koma palibe chibale ngakhale pang'ono. Mwa timaulusi 46 timeneti, tiwiri ndito timanena ngati mwana akhale wamkazi kapena wamwamuna. Mkazi ali ndi X awiri. Mwamuna ali ndi X wochokera kwa mayi ake ndi Y wochokera kwa bambo ake.

Kaulusi koonjezera, kachigamba kosowa

M'chaka cha 1942 dotolo wina wachinyamata dzina lake Harry Klinefelter, pamodzi ndi anzake awiri ku Boston m'dziko la America, adalemba za amuna amene adali ndi machende aang'ono, mabere otupa pang'ono, ndi umuna wopanda mbewu. Chifukwa chake sichidadziwike mpaka 1959, pamene Patricia Jacobs ndi John Strong ku Edinburgh adapeza kuti mwamuna wotere ali ndi timaulusi 47, popeza ali ndi X awiri ndi Y mmodzi. Vutoli mpaka lero likutchedwa ndi dzina la Klinefelter, ndipo ndilo lofala koposa mwa mavuto onse a makromosomu olepheretsa mwamuna kubereka. Limapezeka mwa mwana wamwamuna mmodzi pa ana aamuna pafupifupi 600. Kunena kwina, sukulu yaikulu ya pulaimale muno m'tauni ingathe kukhala ndi mnyamata mmodzi kapena awiri otere. Pa amuna amene umuna wawo ulibiretu mbewu, pafupifupi mmodzi pa 10 alionse chifukwa chake nchimenechi.

Ambiri a iwo amakalamba osadziwa, ngakhale ku maiko a zipatala zapamwamba, pakuti zizindikiro zake sizifuula. Mnyamata amakhala wamtali kuposa abale ake, wa miyendo yaitali, ndevu zochepa, mwina wofatsa ndi wochedwa kugwira kuwerenga m'kalasi. Ena alibe nchimodzi chomwe cha zimenezi. Chizindikiro chimene sichisowa ndi machende aang'ono ndi olimba, chinthu chimene dotolo angachizindikire m'mphindi ziwiri, koma chimene munthu sangakhale nacho pomuyerekeza ndi mnzake. Kaulusi koonjezerako kamabwera mwangozi pa nthawi imene dzira la mayi kapena mbewu ya bambo inkapangidwa, ndipo kamachokera mbali iliyonse mwa ziwirizi mofanana ndithu. Palibe chimene mayi adadya, palibe mdulo, palibe amene adamanga mwanayo. Tionjezepo kuti bambo wotere ayenera kudziwika ku chipatala ngakhale nkhani ya ana itaikidwa pambali, pakuti kuchepa kwa testosterone, mphamvu ija ya chimuna ya m'magazi, kumafooketsa mafupa, ndipo matenda a shuga amawagwira amuna otere kawirikawiri kuposa ena.

Vuto lachiwiri lili pa kaulusi ka Y. M'chaka cha 1976 Tiepolo ndi Zuffardi a ku Italy adapeza amuna 6 opanda mbewu amene Y wawo adali woduka kumapeto, nazindikira kuti pamalo pamenepo mpamene pali malangizo a kapangidwe ka mbewu. Pofika 1996 akatswiri adagawa malowo patatu, nawatcha AZFa, AZFb ndi AZFc. Mwamuna wosowa kachigamba kamodzi ka zimenezi amaoneka bwinobwino m'zonse: ndevu, mau, mphamvu. Chosowa ndi mbewu yokha. Kudziwa kachigamba kamene kadasowa nkofunika, chifukwa ngati AZFa kapena AZFb idachokeratu yonse, mbewu sipezeka ngakhale dotolo atafufuza m'machende momwemo, ndipo banja liyenera kuuzidwa zoona kuti lisagulitse malo ndi nyumba pachabe. Ngati ndi AZFc, kawirikawiri timbewu tochepa timakhalapo.

Lachitatu tikufuna amayi a Chigwirizano alimvetse, chifukwa ndi iwo amene amakhala pambali pa mayi wopita padera. Nthawi zina timaulusi tiwiri timaduka ndi kusinthana zidutswa, kapena kumamatirana. Mwini thupi sadwala, popeza malangizo onse alipo, angosintha malo. Koma pogawa timaulusito kuti apange mbewu, mbewu zina zimatenga zochuluka, zina zoperewera. Mkazi amaima ndithu, koma pakapita miyezi iwiri kapena itatu pathupi pamachoka, kachiwiri, kachitatu. Anthu amati mayiyu ali ndi msana woipa, ena nkumunamizira kuti adayenda njira zosayenera. Chikhalirecho gwero lake lingathe kukhala mwa bambo. Ndicho chifukwa chake banja lopita padera mobwerezabwereza liyenera kupimidwa onse awiri.

Palinso amuna amene machende awo amapanga mbewu bwinobwino koma adabadwa opanda timitsempha tonyamula mbewuyo. Izi zimayenderana ndi jini la matenda a cystic fibrosis, limene lidapezeka mu 1989, ndipo nzofala pakati pa azungu kuposa pakati pathu. Chimene chili pafupi ndi ife ndi matenda a sikoselo, amene ana ambiri akulandira nawo chithandizo ku Kamuzu Central. Mwana amawatenga ngati bambo ndi mayi onse ali ndi jini lake, ndipo zikatero pathupi paliponse pali mwayi umodzi pa 4 woti mwanayo adwale. Anyamata a sikoselo amachedwa kutha msinkhu, mbewu yawo kawirikawiri imachepa, ndipo ena amavutika ndi kutota kopweteka kosatha. Kutota kotere kukafika maola 4 nkofunika kuthamangira ku chipatala usiku womwewo, manyazi pambali.

Koma si onse amene alibe thandizo. Franz Kallmann adalemba mu 1944 za anthu amene satha msinkhu komanso samva fungo la chinthu chilichonse. Mwa iwowa machende alibe chilema. Chimene chikusowa ndi uthenga wochokera ku ubongo wowauza kuti ayambe ntchito. Uthengawo ungathe kuperekedwa ndi jekeseni wa mahomoni, ndipo ambiri a iwo, akalandira kwa chaka kapena ziwiri, amayamba kupanga mbewu ndi kubereka ana awoawo. Mnyamata wa zaka 17 amene mau ake sadasinthe, amenenso samva fungo la nyama yootcha pa msika wa Nsungwi, asamangosekedwa. Apite naye kwa dotolo.

"Nanga atate anga adandibereka bwanji?"

Limeneli ndi funso lanzeru, ndipo amuna ambiri amatsekera nalo nkhani. Amati kwathu kulibe zimenezo, atate adabereka ana 9, agogo 12. Yankho nlakuti chibadwa si chimodzimodzi ndi chakumtundu. Klinefelter ndi zigamba zambiri za Y zimayamba mwa munthu mmodziyo, atate ake ali bwinobwino, abale ake ali ndi ana. Zina, monga sikoselo, zimafuna kuti makolo onse awiri apereke. Zinanso zimayenda pa kaulusi ka X, ndiye kuti zimadzera mwa amayi amene iwo eni sadwala, nkumaonekera mwa ana awo aamuna. Mtundu umodzi wa vuto la Kallmann umayenda motere. Ife a mbumba timawadziwa bwino amalume athu, tsono ngati panali malume amene adakwatira kawiri katatu osasiya mwana, imeneyo ndi nkhani yomuuza dotolo. Sitikunena izi kuti chala chichoke pa mkazi wa munthu nkukaloza mayi ake. Palibe kholo limene limasankha majini opatsa mwana, monganso palibe amene adasankha msinkhu wake.

Pali zina zimene inu makolo mungazione mwana akali m'manja. Pomusambitsa mwana wamwamuna, onani ngati machende onse awiri adatsikira m'thumba mwake. Pa ana aamuna 100 obadwa masiku atakwana, pafupifupi 3 amabadwa limodzi kapena onse asadatsike. Ambiri amatsika okha m'miyezi 6 yoyamba. Akapanda kutero pamafunika opaleshoni yaing'ono, makamaka mwana asanapitirire miyezi 18, chifukwa m'mimba mumatentha kuposa m'thumba ndipo kutenthako kumaononga mbewu ya m'tsogolo. Chachiwiri, mnyamata akafika zaka 14 popanda chizindikiro chilichonse cha kutha msinkhu, nthawi yakwana yoti apimidwe. Atsikana ali ndi alangizi amene amadziwa tsiku limene mwana wakula. Anyamata athu ambiri palibe amene amawafunsa, ndipo apa abambo ndi amalume tagona.

Wina anganene kuti, ngati chibadwa sichisinthika, kudziwa kuli ndi phindu lanji? Nzoona kuti palibe mankhwala, achikuda kapena achizungu, ochotsa kaulusi koonjezera kapena kubwezera kachigamba kosowa. Gondolosi angautse chilakolako, koma salenga mbewu pamene malangizo ake palibe. Choopsa kwambiri ndi majekeseni ndi mapiritsi a testosterone amene anyamata ena onyamula zitsulo amagula mwamseri: amakulitsa minofu koma amaimitsa kapangidwe ka mbewu, ngakhale mwa munthu wabwinobwino. Bambo wa Klinefelter amene akufuna mwana asayambe mankhwalawa asadakambirane ndi dotolo.

Komabe nzeru zapita patsogolo. Louise Brown, mwana woyamba amene dzira ndi mbewu yake zidakumanitsidwa kunja kwa thupi, adabadwa pa 25 July 1978 ku Oldham m'dziko la England. Mu 1992 madotolo a ku Brussels adaonetsa kuti kambewu kamodzi kokha kangathe kulowetsedwa m'dzira ndi kasingano, mwana nkubadwa. Mu 1999 Peter Schlegel wa ku New York adafotokoza njira yofufuzira timbewu m'machende ndi makina okulitsa zinthu, ndipo mwa amuna a Klinefelter amene amachitidwa opaleshoni imeneyi, pafupifupi 4 kapena 5 pa 10 timbewu timapezeka. Tisanamizane: chithandizo chotere chimapezeka m'mizinda monga Johannesburg, Cape Town ndi Nairobi, mtengo wake ndi mamiliyoni a makwacha, ndipo si onse opitako amene amabwera ndi mwana. Palinso mfundo yoti banja liiganizire mofatsa. Bambo wosowa AZFc akabereka mwana wamwamuna mwa njira imeneyi, mwanayo amatenga Y yemweyo pamodzi ndi vuto lake.

Kwa mabanja ambiri a kuno phindu la kudziwa lili pena. Mkazi amaleka kumwa mizu imene ingamuonongere impso ndi chiwindi. Ndalama zimaleka kutayika. Mwamuna amaleka kupita kunja kukadziyesa, ulendo umene wabweretsa HIV m'nyumba zambiri, ndiponso umene nthawi zina umatha ndi kulera mwana amene wina wamunamizira kuti ngwake. Makolo athu ankadziwa ndithu kuti mbewu ya mwamuna imatha kukana, nchifukwa chake adali ndi mwambo wolowetsa fisi usiku kuti manyazi a mkamwini abisike. Mpingo udaukana mwambowu kuyambira kale, ndipo lamulo la dziko lathu lokhudza HIV ndi Edzi la chaka cha 2018 lidauika m'gulu la miyambo yoletsedwa. Mtolo wake wonse umagwera mkazi, amene amasenza matenda, chinsinsi ndi chikumbumtima. Njira yoonekera ilipo: kulera mwana wa mbale kapena wamasiye, ndipo ofuna kuti mwanayo akhale wawo mwalamulo amadzera ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ndi ku bwalo la milandu.

Ena amati amuna Achimalawi sangalole kupimidwa. Fiona Parrott, amene adachita kafukufuku m'boma la Karonga nasindikiza zimene adapeza mu 2014, adaona kuti amuna a m'mabanja opanda ana ankalola kukapimitsa umuna ku chipatala, ndipo kawirikawiri abale awo ndi amene ankawalimbikitsa. Tikuganiza kuti chimene mwamuna amaopa si makina a ku labotale ayi, koma pakamwa pa anthu. Tsono inu ankhoswe, alangizi ndi akulu a mpingo, banja likabwera ndi nkhaniyi, funso loyamba likhale lakuti, "Kodi bambo, inu mudapita kukapimitsa?" Ndipo chimene mwamva chithere m'chipinda momwemo. Safunsa adadya phula, koma munthu safunsa pamene akudziwa kuti mawa nkhani yake ikhala pa mjigo.

Tikuti mwamuna ayambe ndiye chifukwa kupima kwake nkosavuta, nkosapweteka, ndiponso nkotsika mtengo poyerekeza ndi kwa mkazi. Muyambire pa chipatala chapafupi, mupite nonse awiri, ndipo adzakulemberani kalata yopita nayo ku chipatala chachikulu monga Kamuzu Central. Adzakuuzani kuti mukhale osagonana kwa masiku 2 mpaka 7, kenaka mupereke umuna m'kabotolo koyera, kamene kayenera kufika ku labotale lisanathe ola limodzi. Kumeneko amawerenga timbewu, naona ngati tikuyenda ndi ngati tili ndi maonekedwe oyenera. Malinga ndi muyeso wa World Health Organization wa 2021, timbewu tikachepera 16 miliyoni pa mililita imodzi ndiye kuti tayamba kuperewera. Zotsatira zoyamba zikaipa musataye mtima, pakuti malungo kapena kutentha thupi kulikonse kumagwetsa chiwerengerocho kwa kanthawi. Mbewu imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ipangidwe, motero amabwereza kupimako pakapita miyezi itatu. Zikaipanso kachiwiri mpamene dotolo amapima mahomoni m'magazi ndi kunena kumene magazi angatumizidwe kuti akawerenge makromosomu. Popita musaiwale buku lanu la ku chipatala, ndipo mukonzekere kuyankha ngati mudadwalapo matsagwidi, chinzonono kapena likodzo, ngati mudachitidwapo opaleshoni muli mwana, zaka zimene mudathera msinkhu, mankhwala onse amene mukumwa kuphatikizapo a zitsamba, ndi abale a mbali zonse ziwiri amene sadaone mwana.